Sipika yonena zoona ndi nkhani ya besi

Kwathu kuno sipika timaiyesa ndi chifuwa. Mu minibasi, pa chinkhoswe kapena pamalo omwera Loweruka madzulo, funso limakhala limodzi: ikugunda? Ikagunda mpaka mawindo kunjenjemera timati ndi yabwino, ngakhale woyimbayo akumveka ngati walowa m'mbiya. Opanga timasipika totsika mtengo ta pakompyuta amaidziwa njala imeneyi. Amakweza dala besi ndi mawu osongoka kuti nyimbo imveke yonona, pamene mawu apakati, momwe mumakhala liwu la munthu, amatsalira kumbuyo.

Ine ndasiya timasipika totere chaka chino, ndipo chinandikankha si nyimbo ayi. Kafukufuku wanga wa chaka chomaliza ndi wa nthano. Ndili ndi maola ambiri a mawu a agogo omwe ndinawajambula pafoni kumudzi, ndipo ntchito yanga ndi kumvetsera n'kulemba liwu lililonse. Chichewa sichichita masewera pamenepa. "Pala" ndi "phala" amasiyana ndi kampweya kokha. Mtengo wa mango ndi mtengo wa sopo amasiyana ndi kakwezedwe ka mawu. Tsono agogo mano anatha, kumbuyo tambala akulira, sipika nayonso ikuthira zakezake pamwamba. Mahedifoni amathandiza, koma pakatha maola awiri makutu amatentha, komanso timamvetsera awiri ndi mnzanga kuti tizitsutsana pa mawu ovuta.

Ndiye ndalama za maganyu a miyezi ingapo zinapita ku ma studio monitor awiri a mainchesi asanu, omwe ndinagula kwa mnyamata wina wa situdiyo ku Blantyre. Monitor ndi sipika ndithu, kungoti inapangidwa kuti isakometsere kanthu. Zambiri zili ndi ampulifaya mkati, choncho iliyonse imafuna soketi yake. Mukamagula yogwiritsidwa kale ntchito, werengani zolembedwa kumbuyo. Magetsi athu ndi a 230 V, ndipo chipangizo chopangidwira 120 V yokha ya ku America chikhoza kupsa tsiku loyamba lomwelo.

Sabata yoyamba imakhumudwitsa, musanamizidwe. Nyimbo zija tinakopa kwa obena kumsika, ndi zija zayenda pa WhatsApp kudutsa mafoni khumi, zimavulidwa zovala. Mumamva pamene MP3 inadula mawu, mumamva woyimba akupuma, mumamva gitala imene sinachunidwe bwino. Palinso mbiri yoseketsa pankhaniyi: Yamaha NS-10, imene inatuluka mu 1978 ngati sipika ya m'nyumba, inadzaza masitudiyo a dziko lonse chifukwa choti inkaulula zolakwika mopanda chisoni. Kwa ine ulula umenewo ndi umene ndinalipirira. Mawu a agogo anabwera kutsogolo, ndipo malo amene ndinkabwereza kasanu tsopano ndimabwereza kawiri.

Kulumikiza sikovuta. Kabowo ka mahedifoni pa laputopu yanga kankabweretsa kaphokoso kong'ung'udza ndikalumikiza chaja, choncho ndinaika audio interface pakati, kabokosi ka USB kokhala ndi chokwezera mawu. Kuchoka pamenepo ndimagwiritsa ntchito mawaya a TRS kapena XLR, omwe amakana phokoso lotoledwa m'njira. Masipika awiriwo ndi mutu wanu zitalikirane mofanana ngati mafuwa, ndipo kasipika kakang'ono kapamwamba kayang'anizane ndi khutu. Anga akhala pa madikishonale.

Tsopano subwoofer. Kunena zoona, nthano sizimufuna. Liwu la bambo wamkulu silitsika kwambiri pansi pa 85 Hz, ndipo la mayi limakhala pamwamba kuposa apo. Koma munthu sakhala ndi kafukufuku yekha. Monitor ya mainchesi asanu imayamba kufooka cha pa 50 Hz, pamene nsambo yotsikitsitsa ya gitala ya besi ili pa 41 Hz. Ikani Black Missionaries kapena amapiano, mudzamva kuti pansi pali dzenje. Ndinapirira miyezi iwiri, kenako ndinagonja.

Subwoofer ya m'situdiyo imakhala pakati pa njira. Mawaya awiri ochoka ku interface amalowa mwa iyo, ena awiri amatuluka kupita ku ma monitor. Kumbuyo kwake kuli chopotokola cholembedwa crossover, chimene chimaika malire: mawu otsika kuposa malirewo amawanyamula subwoofer, ndipo pa ma subwoofer ambiri otsalawo ndi amene amapita ku ma monitor. Poyambira pabwino ndi 80 Hz, chifukwa pansi pa apo khutu limavutika kudziwa kumene mawu akuchokera. Palinso kabatani ka 0 ndi 180. Khalani pampando, mnzanu azikasintha, musiye pamene besi ikumveka yodzaza. Pa voliyumu m'pamene chifuwa chija chimafuna kulamula. Ine ndimakweza mpaka ndiyambe kuimva payokha, kenako ndimabweza pang'ono. Subwoofer yochunidwa bwino mumaizindikira mukaizimitsa.

Chimene ogulitsa sanena n'chakuti chipinda nachonso ndi chida choimbira. Mawu amayenda pafupifupi mamita 343 pa sekondi, kutanthauza kuti funde la 80 Hz ndi lotalika mamita anayi ndi pang'ono, kuposa chipinda changa cha lendi chonse. Pakati pa makoma otalikirana mamita atatu, mawu a cha pa 57 Hz amagunda khoma n'kubwerera n'kudziunjikira. Pakona besi imachuluka mpaka kunyansa, pakati pa chipinda imasowa. Njira yaulere ilipo, ngakhale ndi yochititsa manyazi wina akakupezani: ikani subwoofer pampando wanu, yatsani nyimbo, mukwawe m'mbali mwa khoma kufunafuna pamene besi ikumveka yosalala. Pamenepo ndiye pakhomo pake.

Funde lalitali lomwelo silidziwa malire a lendi. Khoma limatsekereza mawu a woyimba koma besi imadutsa, ndipo oyandikana nane ndi mayi ogwira ntchito usiku amene amagona masana. Iwo samva nyimbo, amamva kugunda kokha. Vuto limakula chifukwa khutu silimva bwino besi voliyumu ikakhala yotsika, monga Fletcher ndi Munson anaonetsera mu 1933, choncho dzanja limangopita kukakweza. Bungwe la WHO limati malire abwino kwa munthu wamkulu ndi 80 dB kwa maola 40 pa sabata, ndipo ife ofuna kudya za makutu athu, kaya pa wailesi, kumasulira kapena kuphunzitsa, tilibe makutu ena osungira.

N'chifukwa chake ndikuti wophunzira amene wasunga kangachepe ayambe ndi ma monitor, subwoofer ibwere pomaliza, ndipo ngati mumagona anayi m'chipinda cha hositelo isabwere n'komwe. Yanga imayaka kuyambira cha m'ma 5 koloko madzulo, mayi aja akanyamuka, mpaka 9 koloko. Poyatsa, ma monitor amakhala omaliza. Pozimitsa, amakhala oyamba. Magetsi akathima ndimazula zonse pakhoma ndisanayambe n'kufufuza kandulo.