Msuzi wa Nkhuku wa ku Nyanja ya Lanao

M'chaka cha 2023 tinapita ku dziko la Philippines kukaona mnzathu amene tinkagona naye chipinda chimodzi pamene tinali ku koleji ya maphunziro a Chisilamu. Dzikoli ndi la zilumba zoposa 7,600, ndipo kwawo kwa mnzathuyu ndi ku Mindanao, chilumba chachikulu cha kumwera, kumene kuli Asilamu ambiri a m'dzikomo. Kuchokera ku Manila tinakwera ndege, kenaka galimoto yodzera mu mzinda wa Iligan. Kuchoka pamenepo msewu umangokwera chitunda mpaka ku Marawi, mzinda wozizira bwino umene uli pa mtunda wa mamita pafupifupi 700.

Marawi ali m'mbali mwa nyanja ya Lanao. Eni dera amatchedwa Amaranao, kutanthauza anthu a kunyanja, ndipo titamva izi tinaseka, pakuti tinayenda ulendo wonsewo kukapeza Anyanja anzathu. Mtsinje wa Agus umatuluka m'nyanjayi pa Marawi pomwepo nkutsetsereka kupita ku Iligan ukupukusa makina a magetsi, monga uchitira Shire kuno kwathu.

Mnzathuyu sanatilandirire m'nyumba ya makolo ake, chifukwa nyumbayo kulibe. Pa 23 Meyi 2017 gulu la zigawenga linalanda pakati pa mzindawu, ndipo asilikali a boma analimbana nalo kwa miyezi 5 mpaka mu Okutobala. Anthu oposa 1,000 anafa ndipo oposa 300,000 anathawa. Banja la mnzathuyu linatuluka ndi zovala za m'thupi zokha. Tinawapeza kunja kwa mzinda, m'kanyumba kakang'ono ka malata. Kuseri kwake kunali mitengo iwiri ya mapapaya, mtengo wa chamwamba, tsabola wobzala m'zitini ndi nkhuku 4 za chikuda.

Titangopatsana salamu, mayi ake a mnzathu anatuma mdzukulu wawo kuti akagwire thadzi. Ife tinali titawerenga kale nkhuku zija, ndipo mtima unatipweteka.

"Amayi, musavutike. Mpunga ndi masamba zitikwana," tinatero, mnzathu akumasulira.

"Mwananga, mwachokera kutali. Khalani pansi," anayankha osatiyang'ana nkomwe.

Mnzathu anatinong'oneza kuti, "Achimwene, musabwerezenso, mungawakhumudwitse." Anatenga mpeni nakazinga nkhukuyo kuseri.

Tinapempha kuti tikhale pafupi ndi moto tione kaphikidwe kake. Amayiwo anaseka kwambiri poona mwalimu wa madrasa akulemba za anyezi m'kope, koma analola. Anati msuzi umene aphike umatchedwa tinola m'chiyankhulo cha Tagalog, ndipo umaphikidwa m'dziko lonse, kwa Akhristu ndi kwa Asilamu omwe.

Asanakhudze nkhuku anayamba ndi mpunga. Madzi oyamba otsukira anataya, koma achiwiri, oyera ngati mkaka wosungunula aja, anawasunga m'beseni. Amenewa ndiwo madzi a msuziwo. Timaufa ta mpunga timene timatsalira m'madzimo timachititsa kuti msuzi ukhale wogwirana pang'ono, usakhale madzi okhaokha. Tinakumbukira madzi otere amene timangokhuthulira pabwalo tsiku ndi tsiku.

Kenaka anathira mafuta pang'ono mumphika naikamo jinja wochuluka, wotalika ngati zala ziwiri, wodula timizere. Jinja atayamba kununkhira anaponyamo adyo ndi anyezi mmodzi. Kukazinga zinthu zitatuzi poyamba amakutcha gisa, mawu ochokera ku Chisipanishi, ndipo ndiwo zambiri za m'dzikomo zimayamba motero. Anaikamo nkhuku yoduladula ndi kuitembenuza mpaka khungu litachita mbuu ndi kutulutsa mafuta ake. Apa anathira masupuni awiri a patis, madzi amchere a fungo lamphamvu amene amawapeza posunga tinsomba tating'ono ndi mchere wambiri kwa miyezi ingapo. Fungo lake poyamba linatibweza m'mbuyo, koma likapsa limatha nkusiya kukoma kokha. Pomaliza anathira madzi a mpunga aja, ngati malita awiri, navundikira.

Apa ndi pamene amayiwo anadandaula, ndipo sanadandaulenso china tsiku lonse. Anali ndi mphika wadothi, umene kumeneko amati palayok, wowasiyira mayi awo. Unatsala pa moto tsiku lothawa lija. Anati mphika wadothi umatenga moto pang'onopang'ono ndi kuusunga, kotero msuzi umangonyung'unya osabwadamuka, ndipo nkhuku ya chikuda imafewa osanyenyeka. Wachitsulo umathamanga. Tsono msuzi utangowira iwo anasolola nkhuni ziwiri, natsala ndi makala ndi chikuni chimodzi, namayengula thovu ndi chipande. Nkhukuyo inakhala pa moto wochepawo koposa ola limodzi, ife nkupita kukaswali Asr ndi kubwerako isanapse.

Papaya amene amalowa mu tinola ndi wamuwisi, wobiriwira, woti mukamucheka atuluke utomoni. Anamusenda, kuchotsa njere, kumutsuka ndi kumudula zidutswa zazikulu ngati mbatata yofutsa. Amalowa nkhuku itafewa kale, ndipo mphindi 10 kapena 15 zimakwana. Akapsa amaoneka ngati galasi ndipo amamwa kukoma konse kwa msuzi. Kumene kulibe papaya amaikamo shushu. Chodabwitsa nchakuti papaya, shushu ndi tsabola si mbewu za ku Asia. Zinachokera ku America pa nthawi ya ulamuliro wa Asipanishi, amene zombo zawo zinkayenda pakati pa Acapulco ku Mexico ndi Manila kuyambira 1565 mpaka 1815.

Masamba ndiwo otsiriza. Ana anali atapulula chamwamba chodzaza mbale, chimene kumeneko amati malunggay, ndi nsonga zanthete za tsabola. Ife sitinkadziwa kuti masamba a tsabola amadyedwa. Sawawa ngati chipatso chake, amangonunkhira. Amayiwo anaphula mphika, naponyamo masambawo, navundikira kwa mphindi 2 zokha. Anatiuza kuti mayi akabereka, anansi amamuphikira tinola wa chamwamba chambiri kuti mkaka ubwere, ndipo wodwala chimfine amamupatsa msuzi wake kuti jinja amutenthetse.

Chimene chimasiyanitsa mphika wa Amaranao ndi wa ku Manila ndi palapa. Amasinja mtundu wina wa anyezi wamng'ono wotchedwa sakurab pamodzi ndi jinja, tsabola ndi mchere, ndipo ena amakazinga ndi kokonati wopala. Nyumba iliyonse ili ndi botolo lake. Amayiwo anaika palapa m'kambale pambali kuti aliyense adzithirire. Ife tinathira ngati eni ake, ndipo misozi inatsika ana akuseka.

Tinakhala pa mphasa anthu 9 pa nkhuku imodzi, ndipo inakwana, pakuti msuzi umathiridwa pa mpunga ndipo papaya amakhutitsa. Pamene amayi ankagawa, mdzukulu wawo wamkazi wa ku sekondale anatiuza kuti tinola ali m'buku limene ophunzira a m'dzikomo amawerenga kusukulu. Bukulo ndi Noli Me Tangere, lolembedwa ndi José Rizal ndi kusindikizidwa ku Berlin mu 1887. M'menemo wansembe wina wodzikuza, Padre Damaso, aitanidwa ku phwando la munthu wolemera, ndipo m'mbale yake mugwera khosi ndi phiko lolimba pamene mnyamata wobwera kumene kuchokera ku Ulaya alandira zabwino. Wansembeyo apsa mtima nakankha mbale. Rizal anaphedwa ndi boma la Asipanishi pa 30 Disembala 1896, koma nkhani ya khosi ija mwana aliyense amaidziwa.

Mtsikanayo akulongosola, tinayang'ana m'mbale yathu. Munali ntchafu, chiwindi ndi nthutumba. Tinayang'ana ya amayi. Munali khosi, ndipo ankalikukuta mosangalala.

M'masiku otsatira tinalawa zina. Piaparan ndi nkhuku yophika mu mkaka wa kokonati ndi chikasu ndi palapa, ndipo kunena zoona imaposa tinola pa kununa, koma si ya tsiku ndi tsiku. M'mawa tinkagula pastil, mpunga ndi nkhuku yonyenyanyenya zokulunga m'tsamba la nthochi, chakudya cha ana a sukulu ndi apaulendo. Mnzathu anatiuzanso za binakol wa ku zilumba za pakati, msuzi wa nkhuku wophika ndi madzi a kokonati wanthete, umene akale ankaphikira m'kati mwa nsungwi yoimika pa moto. Atausug a ku Sulu amawotcha kokonati mpaka ade ndi kumusinjira mu msuzi wakuda wotchedwa tiyula itum. M'bale amene angapite ku Manila achenjere ndithu, chifukwa kumeneko nyama ndi mafuta a nkhumba zimalowa m'zakudya zambiri. Malo odyera a halal amapezeka mosavuta ku Quiapo, pafupi ndi mzikiti wotchedwa Golden Mosque.

Titabwerera kunyumba tinapeza kuti zonse zofunika zili pakhomo pomwe. Papaya ali kuseri kwa bafa, chamwamba chili mu mpanda, jinja ndi adyo zili pa msika. Patis yekha ndiye analibe, ndipo m'malo mwake tinathira mchere ndi kausipa kouma kosinja, kodzaza supuni imodzi. Ulendo woyamba tinalakwitsa. Tinathyola papaya amene anayamba kufiira m'kati, ndipo anasungunuka nkusandutsa msuzi phala lotsekemera. Chamwamba tinachiponya msanga, chinada ndi kuyamba kuwawa. Mayi a kunyumba anayang'ana mumphika, nayang'ana kope lathu lija, nati, "Bambo, ulendo wina mudzingowerenga, kuphikako ndiphike ndine."

Lachisanu lotsatira anatulutsa mphika wadothi umene amaphikira nyemba, ife tikuwerenga m'kope chapatali. Anasunga madzi achiwiri a mpunga, anasolola nkhuni msuzi utawira, ndipo masamba anaponya mphika uli pansi. Ana anapempha wina. Tinajambula chithunzi cha mphikawo ndi kutumiza kwa mnzathu, ndipo yankho linabwera m'mawa mwake: amayi akuti jinja wachepa, ndipo akufunsa ngati woumba mphika umenewo angaumbe wina woti ungapirire ulendo wa pa ndege.