Mawindo a Nyumba Yathu

Atate anamanga nyumba yathu ku Chipata kwa zaka zinai. Akapeza ndalama, anali kugula simenti pang'ono, malata pang'ono. Tinasamukiramo mwezi wa Meyi. Nyumbayo ili ndi mawindo asanu. Magalasi analipo, koma panalibe cochinga. Aliyense wopita pamseu anali kutiona tikudya nsima.

Amai anatenga zitenje zao zakale ndi kuzikhomera pamawindo ndi misomali. "Izi n'zoyembekezera cabe," anatero. Kucokera tsikulo anayamba kusunga ndalama za vitumbuwa m'kacitini.

Ine mtima wanga unali pa mabulaindi. Ndinawaona mu ofesi ina m'tauni. Mabulaindi ndi timizere ta citsulo copepuka kapena ta pulasitiki, tolumikizidwa ndi zingwe. Ukakoka cingwe, timizereto timakwera m'mwamba. Ukapotoza kandodo ka pambali, timatseguka kapena kutsekeka. Ndinawakonda ngako.

"Amama, tigule mabulaindi pamawindo onse," ndinapempha. "Makatani ali kale m'nyumba iliyonse."

Amai anaseka. "Iwe mwana, ndalama zili m'kacitini ndi zocepa. Tikagula colakwika, sitidzagulanso caka cino. Tenga buku lako. Uyang'ane windo lililonse kwa mlungu umodzi, ulembe zimene uona."

Ndinayamba ndi cipinda cimene ndimagona ndi mlongo wanga wa zaka zitatu. Windo lathu lili kum'mawa. Dzuwa likangotuluka limalowa mpaka pabedi, ndipo mwanayo amauka ndi kulira. Usiku wa mu Juni galasi linali kuzizira kwambiri. Nditaika dzanja pafupi, ndinamva kamphepo kolowa m'mbali mwa windo. Ndinalemba kuti: pano pafunika cochinga kuwala ndi mphepo.

Windo la pabalaza lili kumseu. Masana timafuna kuwala kuti ndilembe nchito ya kusukulu. Tsiku lina madzulo Atate ananditengera panja, malaiti a m'nyumba ali oyaka. "Uona ciani?" anandifunsa. Citenje cinali copyapyala, conco ndinaona mithunzi ya Amai ndi mwana, ndiponso pamene panali wailesi yathu. "Masana kunja kumawala kuposa m'nyumba, motero wa panja saona bwino mkati," anafotokoza Atate. "Usiku zimatembenuka. M'nyumba ndimo mumawala, ndipo wa panja amaona zonse, ngakhale mbala."

Za kukhichini sindinacite kulemba, cifukwa sindidzaziiwala. Pa Cinai madzulo Amai anaika mbaula pafupi ndi windo lotsegula kuti utsi uzituluka. Iwo anapita kukatunga madzi. Mwadzidzidzi kunabwera mphepo. Citenje cinauluka ndipo nsonga yake inagwera pamakala. Moto unayamba kukwera ndi nsalu!

"Amama, moto! Bwerani msanga!" ndinakuwa.

Ndinanyamula mlongo wanga ndi kuthawira panja. Amai anathamanga ndi ndowa yao ndi kuthira madzi. Moto unazima, koma khoma linada bii. Miyendo yanga inali kunjenjemera. Usiku umenewo Atate analamula kuti mbaula izikhala panja, pakhonde. Anati m'khichini simudzapacikidwanso nsalu yaitali.

Pa Ciwelu tinakhala pansi tonse ndi buku langa. Ndinawerenga zimene ndinalemba.

"Manje tiuze," anatero Amai. "Mabulaindi apite pati?"

Ndinaganiza kwa kanthawi. Mabulaindi ali ndi mipata pakati pa timizere. Mphepo yozizira imadutsamo, ndipo kuwala kumalowabe pang'ono. Kucipinda cogona sangatithandize. Katani yocindikala imasunga kufunda m'cipinda, ndipo ikada umangoicapa. Koma kukhichini nsalu imagwira utsi ndi mafuta, ndiponso imauluka ndi mphepo. Bulaindi ya citsulo siyaka msanga monga nsalu. Imathera pawindo pomwepo, ndipo mafuta umapukuta ndi kansalu konyowa.

"Kukhichini cabe," ndinayankha ndi mau apansi.

"Waona? Wasankha wekha," anatero Amai.

Tinayeza mawindo ndi tepi ya telala. Windo la cipinda cathu linali mita imodzi m'lifupi. Ine ndinaganiza kuti tigula nsalu ya mita imodzi. Koma telala wa kumsika wa Kapata anapukusa mutu. "Mwananga, katani ifunika mapindo. Windo la mita imodzi lifuna nsalu ya mamita awiri. Ikakhala yolingana ndi windo, imasiya mipata m'mbali." Anatiuzanso kuti tiyambe tacapa nsalu asanasoke, cifukwa nsalu ya thonje imafupika ikalowa m'madzi koyamba.

Ndalama zinakwanira motere. Zipinda ziwiri zogona zinalandira makatani a citenje catsopano. Kumbuyo kwake telala anasokerako nsalu ina yoyera kuti akhale ocindikala, ndiponso kuti dzuwa lisafwifwitse maluwa a citenje. Pabalaza tinaika makatani awiri a pasalaula: yopyapyala ya masana ndi yolemera ya usiku. Windo la kubafa ndi laling'ono ndipo lili m'mwamba. Nsalu ikakhala pa cinyezi imacita nkhungu, conco Atate anangopaka galasi penti yoyera. Ndalama zotsala zinagula bulaindi imodzi ya kukhichini.

Atate atamaliza kuipacika, anakhoma msomali m'mwamba pakhoma ndi kukulungirapo cingwe. "Cingwe ici cisalendewere pansi," anacenjeza. "Mwana angacikolowetse m'khosi posewera, n'kulephera kupuma." Tsopano ndikakoka bulaindi, ndimabwezera cingwe pamsomali nthawi yomweyo.

Mwezi wa Ogasiti unabwera ndi mphepo ya fumbi. Amai anacapa makatani onse m'mawa, ndipo pofika masana anali atauma. Bulaindi ija anandipatsa ine. "Si ndiwe unaifuna? Uziisamala," anatero akumwetulira.

Pa Ciwelu ciliconse ndimakwera pampando ndi kansalu konyowa. Ndimapukuta kamzere kamodzikamodzi, pamwamba ndi pansi pomwe. Pamene ndifika pa kotsiriza, mkono umakhala utalema. Bulaindi yanga ndimaikondabe. Koma ndikayang'ana mawindo ena anai aja, ndimayamika Amai kuti sanandimvere tsiku loyamba lija.

Yankhani mafunso awa:

1. N'cifukwa ciani munthu wa panja amaona m'nyumba mosavuta usiku?
2. Kodi cinacitika n'ciani kukhichini pa Cinai madzulo?
3. Windo la mita imodzi lifuna nsalu ya mamita angati?
4. N'cifukwa ciani Atate anakulunga cingwe pamsomali?
5. Yang'anani windo limodzi la kunyumba kwanu. Lembani ziganizo zitatu zofotokoza cochinga cimene cingayenere pamenepo.