Mvula ya mu Julaye

Likanabwera pa mayeso, tonse tikanakhoza. Za nyengo ya ku Cape Town tinaziloweza tili ku sekondale: m'chilimwe kumatentha ndipo kumauma, m'nyengo yozizira kumagwa mvula. Koma pamene tinkalongedza zikwama mu Julaye, pa ulendo wa kwaya yathu wokacheza ku Helderberg College, tinatenga majuzi, zipewa ndi masokosi okhaokha. Panalibe ndi mmodzi yemwe amene anatenga ambulera. Kwathu Julaye ndi mwezi wa fumbi ndi milomo yong'aluka, mvula ikati igwe ndi kamawawa ka chiperoni basi.

Ndalama ya ulendowu sinabwere mophweka. Ena makolo anagulitsa mbuzi, ena tinagwira maganyu holide yonse. Tinadutsa ku Mwanza, Tete, Harare ndi Beitbridge, ndipo titafika ku Johannesburg tinali tidakali ndi makilomita pafupifupi 1,400 oti tiyende. Pa masiku onse amene tinakhala kumeneko, tsiku lokaona malo linali limodzi lokha. Pa Sabata tinaimba, Lolemba tinali obwerera. Linatsala Lamulungu, ndipo tonse tinagwirizana kuti tikaone Table Mountain, phiri lathyathyathya pamwamba ngati tebulo lomwe tinkaliona pa makalendala.

Tinadzuka 6 koloko kuli mdima wa ndiweyani, pakuti m'nyengo imeneyi dzuwa kumeneko limatuluka cha m'ma 8 koloko. Ponyamuka ku Somerset West mvula inali itayamba kale. Tinayenda mtunda wonse maso ali pa windo, koma pamene panayenera kukhala phiri panali mtambo wotuwa kuyambira pansi mpaka kumwamba.

Amene ankatiyendetsa pa minibasi anali bambo wina wa kwathu konkuno, wa ku Phalombe, yemwe wakhala ku Cape Town zaka zambiri. Atamva tikung'ung'udza anatembenuka pang'ono.

“Ana inu, mvula imeneyi musainyoze,” anatero. “Madzi amene tidzamwe mu Januwale ndi omwewa. Mu 2018 madamu anatsala pang'ono kuuma, munthu amaloledwa malita 50 okha patsiku. Ine ndimasamba m'beseni, madzi omwewo n'kukathira kuchimbudzi.”

Tinakhala chete. Chiganizo chomwe tinaloweza chija chinali ndi anthu mkati mwake, koma ife sitinkadziwa.

Titafika m'munsi mwa phirilo tinadikira pafupifupi maola awiri, popeza cable car, chikwere cholendewera pa zingwe zachitsulo, siiyenda mphepo ikakula. Ena anati tibwerere, tisataye ndalama ya tikiti pokaona nkhungu. Amadamu otiyang'anira anatisiyira nkhaniyo. “Ndalama ndi yanu, tsiku ndi lanu,” anatero. Mphepo itachepa tinawerengana manja, ofuna kukwera n'kupambana ndi awiri okha.

Chikwerechi chinayamba kunyamula anthu mu 1929, ndipo za masiku ano pansi pake pamazungulira kuti aliyense aone mbali zonse. Ife tinazungulira nacho mphindi zisanu, mbali zonse n'kuona zofanana: kuyera kokhakokha. Pamwamba, mamita opitirira 1,000 kuchokera panyanja, kuzizira kwake kunali kolowa m'mafupa. Majuzi athu ananyowa, zala zinakanika kugwira foni. Mmodzi wa ife, amene bambo ake anagulitsa mbuzi ziwiri, anayamba kulira mwakachetechete.

Poti kutali sikumaoneka, tinayamba kuyang'ana pafupi. M'mphepete mwa kanjira munali tizitsamba ta masamba ang'onoang'ono olimba, tomwe kumeneko amati fynbos, tikudontha madzi. M'ming'alu ya miyala munkayenda timifuleni. Mnzathu wina wa sayansi anagwada n'kutionetsa mmene masambawo alili okhuthala, kuti asataye madzi m'miyezi yopanda mvula. Phunziro lonse la nyengo lija linali pamenepo, m'katsamba kosafika ndi m'bondo momwe.

Cha m'ma 2 koloko mtambo unang'ambika. Pansi panaoneka mzinda, doko ndi sitima zake, nsonga ya Lion's Head, ndipo patali m'nyanja kachilumba kathyathyathya. Kanali Robben Island, kumene Nelson Mandela anakhalako zaka 18 pa zaka 27 za ukaidi wake. Palibe anakuwa. Tisanathe n'kujambulana komwe, nkhungu inabwerera n'kutseka zonse. Sizinakwane mphindi khumi.

Pobwerera, bambo aja anatifunsa ngati taliona phiri. Tinati taliona, ngakhale pang'ono.

“Nanga la Mulanje munakwerapo?”

Tinayang'anizana. Pa anthu 18 amene tinali m'minibasimo, amene anakwerapo anali awiri. Koma atafunsa kutalika kwa Sapitwa, tonse tinayankha pamodzi ngati ana a Sitandade 5: “Mamita 3,002!” Bambowo anaseka mpaka kutsokomola. “Achimwene ndi achemwali anga,” anatero, “mwawoloka malire atatu kudzaona mwana, kholo lake mwalisiya pakhomo.”

Nafenso tinaseka, koma mawuwo anatitsata mpaka kuno. Ambiri mwa ife tikuphunzira zauphunzitsi, ndipo posachedwa tikaima kutsogolo kwa ana, choko m'manja. Tikudziwa kale mmene tingawathandizire kukhoza mayeso, chifukwa ndi mmene anatithandizira ife: kulemba pabolodi, kukopera, kuloweza. Njira imeneyo inatifikitsa ku koleji, ndipo aphunzitsi athu sitikuwanyoza. Koma ndi njira yomweyonso imene inatitumiza kudziko la mvula opanda ambulera, yankho lolondola lili m'mutu.

Ana amene tikawaphunzitse, ambiri sadzafika ku Cape Town. Komabe masukulu ambiri kwathu kuno ali ndi kaphiri kuseri kwake, kapena mtsinje, kapena chigwembe chomwe madzi anakumba. Kutuluka nawo ola limodzi sikulira pasipoti.

Mnzathu amene analira uja ndi amene tsopano akusunga kope la zopereka. Tagwirizana kuti holide ikubwerayi, mvula isanayambe, tikakwere Mulanje kudzera ku Likhubula. Pa mndandanda wa zotenga, iye analemba yekha chinthu choyamba: jekete la mvula.