Makina Oziziritsa m'Basi Yosanduka Golosale

Pamene munthu wagula basi yotopa ya Toyota Coaster, imene inachokera ku Japan kale, nachotsamo mipando kuti aiimike pambali pa msewu wa ku Mponela ikhale golosale, amayamba kusinkhasinkha za makina oziziritsa mpweya amene inabwera nawo, ngati awasunge kapena awachotse. Ine ndinena mosabisa kuti achotsedwe. Pakuti kompuresa yake imazunguzidwa ndi lamba wa injini, kotero kuti ofuna kuzizira ayenera kutentha dizilo tsiku lonse basi ili chiimire, ndipo gasi akathawira m'mapaipi ong'aluka, mmisiri wake ngwokaitana ku Lilongwe. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Ndiponso m'mapiri a Dowa ndi Ntchisi chotisautsa kwenikweni ndicho chisanu cha Juni ndi Julayi. Kutentha kwa Okutobala kungagonjetsedwe ndi chisakasa cha udzu pamwamba pa basiyo, mazenera otsegula, ndi fani yaing'ono yoyendera sola. Koma musanachotse makinawo, mmisiri ayambe wachotsa gasiyo bwinobwino, ndipo mabowo a mapaipi muwamate ndi phula mvula yoyamba isanagwe.