Agogo anatsala kunja kwa mzere

Kamerayi ndinaigula ndi ndalama za maukwati asanu ndi atatu. Nikon D750 yakaunjika, msuweni wanga anabwera nayo pa basi kuchokera ku Johannesburg ataikulunga m'juzi. Digiri ili m'sutikesi chaka chachinayi tsopano, ndiye chimene chimandidyetsa ndi kujambula: zinkhoswe, maukwati, nthawi zina maliro. Ndinkalakalaka full frame chifukwa m'matchalitchi mwathu mumakhala mdima, ndipo ka D3200 kanga kakale ndikalowa nako m'nyumba zithunzi zinkatuluka ngati zawazidwa mchenga.

Koma ndalama zonse zinathera pa kamerapo, ya lenzi panalibe. Ndinangozula 35mm f/1.8 DX pa kakale kaja n'kuyesa, ndipo inalowa bwinobwino. Apa a Nikon ndi achifundo. Anzanga a Canon ma lenzi awo a EF-S salowa n'komwe pa DSLR ya full frame.

Lenzi imaponya chithunzi chozungulira, ngati kuwala kwa tochi pakhoma, ndipo sensa imatapa pakati pa kuwalako. Sensa ya full frame ndi 36mm m'litali ndi 24mm m'lifupi, pamene ya DX ndi pafupifupi 24 ndi 16. Lenzi ya DX anaipangira sensa yaing'onoyo, choncho kuwala kwake sikufika mokwanira m'makona a yaikulu. D750 ikazindikira kuti wailumikiza ndi lenzi yotere, imadzidulira yokha, n'kumajambula ndi pakati pokha. Ma megapixel 24 aja amatsala 10. Ka D3200 kanali ndi 24. Eti ndinagula kamera yaikulu kuti ndizitulutsa zithunzi zazing'ono!

Zimenezo ndinkazidziwa, ndipo ndinazivomera. Chimene sindinachilabadire ndi ichi: ukasuzumira pa viewfinder umaonabe dziko lonse, lotambalala, lowala bwino. Pamene kamera ikudula pamangoonekera timizere topyapyala ta bokosi pakatipo. Chili kunja kwa timizereto diso lako likuchiona, koma kamera ilibe nacho ntchito.

Ndiye panabwera chinkhoswe cha achemwali anga ku Area 25. Perekaniperekani atatha, ankhoswe anaitana abale onse kuti tijambule chithunzi cha banja. Agogo anachokera ku Dedza dzulo lake, miyendo ikuwavuta, choncho tinawaikira mpando kumapeto kwa mzere, pamthunzi wa mango. Ndinawaona ndi maso angawa, atagwira ndodo yawo, akumwetulira. Ndinadina kasanu. Dzuwa linali likuphimba sikirini, MC akundikuwira pa maikolofoni, sindinayang'anitsitse.

Usiku pa laputopu ndi pamene thupi linazizira. Pa zithunzi zonse zisanu, za agogo zinalipo ndi dzanja limodzi pa ndodo ndi kamphepete ka chitenje. Ndinatsegula RAW mtima ukugunda, mwina zotsalazo zabisala penapake. Ayi ndithu. Chimene kamera yadula siisunga.

Mayi atachiona anakhala chete kaye.

“Nanga agogo ako ali kuti?”

Ndinayamba kufotokoza za sensa, za tochi pakhoma, kuti 35mm ikadulidwa imaona mopanikiza ngati 52mm. Anandisiya mpaka ndinamaliza.

“Si unkati wagula kamera yaikulu, iwe?”

Mawa lake ndinalowa mu menyu n'kuzimitsa Auto DX crop, ndipo ndinakhala tsiku lonse ndikujambula khoma la nyumba ya alandilodi. Ka 35mm kaja kamayesetsa, aise. Kamadzaza pafupifupi sensa yonse, makona okha ndi amene amada, makamaka ukajambula zakutali kapena ukachepetsa bowo la lenzi. Ya 18-55mm pa 18 ndiye ngati ukusuzumira m'paipi. Pano ndimajambula pa 1.2x, pamene pamatsala ma megapixel opitirira 16 ndipo mdima wa m'makona wambiri umachoka. Pa gulu la anthu ndimabwerera m'mbuyo masitepe awiri, ndipo ndikadina ndimawerenga mitu pa sikirini ngati kondakitala. Ya 50mm ya full frame ndikusungira pang'onopang'ono, lendi ikalola.

Patapita milungu itatu ndinakwera minibasi ya ku Dedza, kamera pamiyendo. Agogo anakana kujambulidwa mpaka atavala chitenje chomwe chija cha pa chinkhoswe. Anakhala pakhonde, ndodo m'manja, ine n'kuwaika pakatikati penipeni pa bokosi. Ndili pafupi kudina anayang'ana kumanja, kenaka kumanzere.

“Nanga akwati aja sunabwere nawo?”