Kabala Kobisidwa

Galu wa pakhomo sapangira munthu chiwembu. Mwana akamasewera naye, dzino limatha kungokanda chala, n'kusiya kabala kosaoneka bwino n'komwe. Mwanayo amabisa, poopa kukalipiridwa, kapena poopa kuti bwenzi lakelo lingaphedwe. Chiwewe chimapezera mpata pa chinsinsi chimenechi.

Kachilombo kake kamakhala m'malovu a galu wodwala. Kakalowa pabala, kamayenda pang'onopang'ono m'mitsempha kulunjika ku ubongo, kawirikawiri kwa mwezi umodzi mpaka itatu. Zizindikiro zikangoonekera, monga kuopa madzi, mankhwala sathandizanso. Bungwe la WHO limati nthendayi imapha anthu pafupifupi 59,000 pachaka, ndipo anayi mwa khumi alionse ndi ana osakwana zaka 15.

Komatu chipulumutso chilipo: kutsuka balalo ndi sopo ndi madzi ambiri kwa mphindi 15, kenako kuthamangira katemera kuchipatala tsiku lomwelo. Agalunso amabayidwa katemera, monga momwe bungwe la Mission Rabies lakhala likuchitira ku Blantyre kuyambira 2015.

Kaya ndi ku Dedza, ku Chipata kapena ku Tete, kubayitsa galu ndi udindo wa mwini wake. Koma za kabalako amamva nthawi ikadalipo ndi kholo lokhalo limene mwana saliopa.