Tsiku limene achimwene analowa m'nyanja ku Muizenberg

Amalawi ambiri amene ali ku Cape Town amakhala ku Capricorn ndi ku Vrygrond. Kuchoka kumeneko kukafika kugombe la Muizenberg munthu atha kuyenda wapansi, koma mukawafunsa ngati anayamba asambirako m'nyanjamo, ambiri amangoseka. Achimwene anga akhala kumeneko zaka 7 akusamalira maluwa ndi kapinga m'nyumba za anthu, ndipo nyanja ankangoionera pawindo la minibasi. Iwo ankati imeneyo ndi ya azungu ndi alendo a ndalama zawo.

Ine ndimaphunzitsa Geography pa CDSS ina ku Dedza. Chaka ndi chaka ndimajambula pabolodi mivi iwiri, wa madzi ozizira a Benguela ndi wa madzi ofunda a Agulhas, ana n'kumakopera, chonsecho mphunzitsi wawo nyanja yamchere ndinali ndisanaionepo. Ndiye atandiitana patchuthi cha Disembala, nthawi imene kumeneko kumakhala kotentha, ndinawauziratu kuti sindingadutse Mwanza, Tete, Nyamapanda ndi Beitbridge, kuonjezapo makilomita pafupifupi 1,400 kuchoka ku Johannesburg, n'kubwerera ndisananyowe.

Muizenberg ndi yotchuka ndi masewera a surfing. Munthu amagona chafufumimba pathabwa lalitali n'kumapalasa ndi manja, funde likamunyamula amadzuka msanga n'kuimirira mpaka limufikitse kumtunda. Pamalo otchedwa Surfers Corner pansi pake ndi mchenga, kuya kwake kumapita pang'onopang'ono ndipo mafunde ndi ofatsa. N'chifukwa chake oyamba kumene amadzazana pamenepo.

Loweruka m'mawa nkhani inavuta pa ndalama. Atamva mtengo wobwereka thabwa ndi wolipira wophunzitsa, achimwene anagwira pakamwa. "Imeneyo amayi akanaonjezera pa feteleza," anatero. Sindinawatsutse, chifukwa fizi yanga ya kukoleji inachokera m'manja omwewo. Anadula mlandu ndi alamu. "Inu bambo, mwatumiza mwezi uno, mwatumiza mwezi watha. Lero lokha lowani m'madzimo, tione ngati dziko lithe."

Maganizo a achimwenewo ali ndi pochokera. Nthawi ya tsankho magombe a ku South Africa ankagawidwa potengera khungu, ndipo lamulo lake linathetsedwa mu 1990. Zikwangwani anazula, koma mantha anatsala, mpaka kupatsira ngakhale ife obwera. Chimene chinawafewetsa mtima n'choti wotiphunzitsa anali mnyamata wakuda wa ku Vrygrond konko, amene amakumana naye pogula buledi.

Anativeka zovala zothina zangati labala zoteteza kuzizira. Amati madzi a ku False Bay ndi ofundirapo poyerekeza ndi mbali ya Atlantic, koma kwa munthu wozolowera ku Senga Bay amaluma ngati a m'firiji. Tisanalowe anationetsa mbendera. Paphiri loyang'ana gombelo pamakhala anthu a Shark Spotters amene ntchito yawo ndi kuyang'ana nsomba zoopsa za shaki. Mbendera yobiriwira ndiye kuti madzi akuoneka bwino, yakuda sakuoneka bwino, yofiira khalani tcheru, ndipo yoyera ikakwera, sairini n'kulira, aliyense atuluke. Achimwene anafunsa kawiri kuti yoyerayo ikutanthauza chiyani.

Poyamba tinayeserera pamchenga: gona, kankha ndi manja, ponda. Kumtunda n'zophweka. M'madzi thabwa limathawa, mchere umalowa m'mphuno, ndipo kamwana ka zaka 8 kamakudutsa kataimirira ngati kali pakhonde pakwawo. Mnyamatayo sankakalipa. Ukagwa ankangoti yang'ana kutsogolo, usayang'ane mapazi, n'kukukankhiranso pafunde lina. Ine ndinafika pogwada basi. Achimwene, amene miyendo yawo inalimba ndi wilibala, anaimirira ulendo wachisanu ndi chimodzi. Anayenda mwina masekondi anayi, manja ali m'mwamba, akukuwa dzina la mudzi wathu. Chiyambire imfa ya bambo ndinali ndisanawamvepo akuseka choncho.

Madzulo alamu anaphika. Ndinali nditanyamula usipa wouma ndi nsinjiro kuchokera kumudzi, ndipo zimenezi kumeneko ndi golide. Anatendera masamba a mpiru, usipa anaukazinga ndi tomato ndi anyezi, nsima n'kuvundula ndi ufa wa m'sitolo umene iwo amaudandaula kuti sukoma ngati wa kuchigayo. Mayi wina woyandikana nawo, mbadwa ya komweko, anabweretsa nsomba yaitali yotchedwa snoek, yowotcha pamakala ataipaka jamu wa maapurikoti. Nsomba ya shuga ndinaikayikira, koma ndinatenganso kachiwiri. Minga zake n'zazitali ngati singano, osadya mukucheza.

Lamulungu titaweruka kutchalitchi, anyamata atatu a ku Mangochi ndi ku Nkhata Bay anabwera ndi gitala, kiyibodi ndi sipika yobwereka. Anaimba nyimbo za Lucius Banda ndi za Black Missionaries pabwalo lopapatiza pakati pa nyumba zamalata, mphepo ya kum'mwera chakum'mawa ikuulutsa zovala pachingwe. Chapatali kunkamveka ng'oma ndi malipenga a magulu a Kaapse Klopse, amene amakonzekera chikondwerero chawo cha pa 2 Januwale. Woimba gitala amatsuka mbale kulesitilanti ina usiku, ndipo zala zake zinali zosweka ndi sopo. Anthu ankaponya makobidi m'chipewa, ena akuvina, ena akuimbira foni abale kumudzi kuti amvere nawo. Achimwene anavina mapewa akuwawa, uku akufotokozera aliyense za masekondi anayi aja, amene pofika usiku anali atakwana miniti yathunthu.

Lolemba anadzuka 5 koloko kupita kuntchito monga mwa masiku onse. Patatha milungu itatu ndili ku Dedza, ananditumizira chithunzi pa WhatsApp. Anali pagombe pomwe paja ndi mwana wawo wamkazi wa zaka 9, onse atavala zothina zija, thabwa lili pakati. Pansi pake analemba kuti ndisawaonetse amayi, angadwale nayo BP.